Kalata kwa Oweruza ndi Maloya a Chigawo cha Tete: Mphwanga Anangoyankha Kuti "Sim"

Olemekezeka oweruza milandu, oimira boma pa milandu, akuluakulu a polisi, a IPAJ (bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu) ndi a bungwe la maloya m'chigawo chathu cha Tete,

Landirani moni wanga nonse. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala kumtunda kuno ku Angónia. Kalatayi ndikanatha kuilemba m'Chipwitikizi, poti ndinaphunzitsa m'chilankhulo chimenecho zaka zoposa 30, koma ndasankha Chichewa mwadala. Ena mwa inu mukavutika nayo mpaka kuitana mnzanu wa muofesi kuti akumasulireni, musandikwiyire. Mwangolawako pang'ono zimene anthu athu amakumana nazo akaima pamaso panu.

Nkhani ndi ya mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Dzina lake sinditchula, ngakhalenso tauni imene anamugwirira, chifukwa mlandu wake sunathe. Kumapeto kwa 2024, dziko litatentha ndi zionetsero za chisankho cha pa 9 Okutobala, mnyamatayu anatsika ndi matumba a mbatata ya kachewere kukagulitsa. Tsiku limenelo achinyamata anatseka msewu ndi matayala oyaka. Apolisi atafika aliyense analiyatsa liwiro, koma iye anachedwa pofuna kukoka thumba limodzi, poti mbatatayo inali ya ngongole ya feteleza. Anamuponya m'galimoto pamodzi ndi ena. Ine monga mwini mbumba ndinamva patapita masiku atatu, ndipo ndinakwera shapa (minibasi) usiku womwewo.

Ndinamupeza atakhala pasimenti, alibe nsapato, lamba atamuvula. Chala chake chachikulu chinali bii ndi inki. Ndinamufunsa kuti, "Mphwanga, wadinda chiyani?" Iye anati, "Malume, kaya. Anandifunsa ngati ndinalipo, ine ndinati sim." Sim ndiye kuti inde m'Chipwitikizi. Analipodi, nanga si thumba lake linali pomwepo. Koma pepalalo nditaliwerenga pambuyo pake, linkati wavomera kuti anachita nawo chipolowe ndi kuwononga katundu. "Ndinalipo" ndi "ndinachita nawo" ndi mawu oyandikana, koma amodzi amakubwezera kumunda, ena amakutengera kundende. Amene anamasulira anali mmodzi wa omugwirawo, wolankhula Chinyungwe. Chinyungwe ndi Chichewa n'zapachibale ndithu, pamsika timamvana bwinobwino tikamanenerera mtengo wa tomato. Mlandu si tomato.

Anakhala m'chitokosi masiku 11 asanaonekere kwa woweruza. Inu mukudziwa kuposa ine kuti lamulo limati maola 48. Anamutulutsa ndi loya wina wachitsikana amene sanatilipiritse ngakhale metikali imodzi. Ndinkayembekeza kuti afika ndi mawu aakulu a demokalase, koma anangotsegula kope n'kufunsa mafunso atatu: anagwidwa tsiku liti ndi ola lanji, anamasulira ndani, ndipo ndani anamuona akuyatsa tayala. Za amene anapambana chisankho sanazitchule ngakhale kamodzi. Anatiwerengera gawo 66 la malamulo aakulu a dziko, lija la habeas corpus, limene limapatsa khoti masiku osaposa 8 kuti liyankhe munthu akadandaula kuti watsekeredwa mosatsata lamulo. Sabata isanathe mnyamata anali kunyumba, akudikira mlandu ali panja.

Ndisanaloze chala aliyense ndiyambe ndadziloza ndekha. Nditayamba ntchito m'zaka za m'ma 1980, ndinkakwapula ana chifukwa cholankhula Chichewa pabwalo la sukulu. Tinkachitcha dialecto, ngati chilankhulo cha makolo ndi matenda. Ngakhale pamene boma linayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja m'sukulu zingapo za Tete muno pakati pa 1993 ndi 1997, ena a ife aphunzitsi tinkaseka. Mphwanga analekeza m'kalasi 5. Chipwitikizi chimene anatuluka nacho ndi cha "sim" ndi "não", ndipo chimene tinamuphunzitsa kwambiri n'chakuti wamkulu akafunsa m'Chipwitikizi, yankho labwino ndi "sim".

Mwina mudabwa kuti nkhani yotereyi ikukhudzana bwanji ndi tsankho la mtundu, poti woweruza ndi wakuda, wapolisi ndi wakuda, womangidwa ndi wakuda. Agogo anga akanakuyankhani. Nthawi ya Apwitikizi kunali lamulo la indigenato, limene linagawa anthu pawiri: nzika zokhala ndi makhoti enieni, ndi ma indígena amene mlandu wawo unkathera kwa administrador, asipayi, apolisi a atsamunda, ataimirira pambali ndi mbalamatodya yomenyera anthu m'manja. Kumeneko n'kumene anthu ankatumizidwa ku chibalo. Munthu wakuda akafuna kuwoloka mpanda umenewo kuti akhale assimilado, chinthu choyamba chimene ankamuyesa chinali Chipwitikizi chake. Lamulolo linathetsedwa mu 1961, ufulu tinalandira mu 1975, ndipo gawo 35 la malamulo athu limanena momveka kuti tonse ndife ofanana posayang'ana khungu, mtundu, kobadwira kapena maphunziro. Komabe kalembera wa 2017 anasonyeza kuti anthu amene Chipwitikizi n'chilankhulo chawo chobadwa nacho sakwana mmodzi mwa asanu. Mzungu anapita, koma chipata cha khoti chikutsegulidwabe ndi kiyi yemwe uja. Mozambique inavomera mu 1993 pangano la mayiko la ufulu wa nzika ndi ndale, limene limati woimbidwa mlandu wosamva chilankhulo cha khoti apatsidwe womasulira mwaulere. Wapolisi womugwira sangakhale womasulira wake, monganso fisi sangakhale mboni ya mbuzi.

Ndiyambe ndi inu maloya. Nditapuma ntchito ndapeza nthawi yowerenga mmene anthu akuda a ku America anagwetsera tsankho m'masukulu, ndipo chimene chinandigwira mtima ndi kudekha kwawo. Chigamulo cha 1896 pa mlandu wa Plessy chinkaloleza kulekanitsa azungu ndi akuda, malinga zinthu za mbali zonse zikhale zofanana. Charles Hamilton Houston, loya wa NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, sanathamangire kukagumula khoma lonse tsiku limodzi. Anayenda ndi kamera kummwera kwa dzikolo akujambula tizisakasa timene ana akuda ankaphunziramo, kuti bodza la "zofanana" lionekere. Kenako iye ndi wophunzira wake Thurgood Marshall anayambira pa sukulu zophunzitsa malamulo, podziwa kuti woweruza aliyense anadutsa m'sukulu yotere ndipo sungamunamize kuti kachipinda kamodzi n'kofanana ndi yunivesite. Anapambana ku Maryland mu 1936, Marshall anapambananso mlandu wa ku Texas mu 1950. Pofika pa 17 Meyi 1954, pa mlandu wa Brown umene unaletsa kulekanitsa ana m'masukulu, khomalo linali litafukulidwa kale kunsi. Houston mwini wake anamwalira mu 1950, osaona tsikulo.

Musaganize kuti nzeru zotere ndi za kutsidya kwa nyanja kokha. Kwathu konkuno, bungwe loteteza ufulu wa anthu la Liga dos Direitos Humanos, motsogozedwa ndi malemu mayi Alice Mabota, linasonkhanitsa masiginecha a nzika 2000 monga lamulo lifunira, ndipo mu 2013 Conselho Constitucional, imene imaweruza za malamulo aakulu a dziko, inagamula kuti munthu amene sanagwidwe ali mkati mochita cholakwa, wolamula kuti atsekeredwe ndi woweruza yekha, osati wapolisi, osati administrador, osati woimira boma. Njira yomweyo ya masiginecha 2000 ndi imene mabungwe omwe si aboma ounika chuma cha boma anadzera kuti ngongole ya Ematum, kampani ya boma yopha nsomba, igamulidwe mu 2019 kuti inali yosavomerezeka. Palibe tayala linayaka. Tsono pempho langa kwa inu a bungwe la maloya ndi a IPAJ ndi ili: sankhani mlandu umodzi woyera, wa munthu amene anadinda pepala losamasuliridwa, wopanda mbiri ina yoipa imene ingasokoneze nkhani, muukwere nawo mpaka kumwamba kuti pakhale chigamulo choti chivomerezo chotere n'chopanda ntchito. Anthu otere sasowa. Yendani ku Macanga, ku Chifunde, ku Tsangano, mudzabwerako kope litadzaza.

Pali chinthu china chimene ndinaona ndi maso anga. Mphwanga ali m'chitokosi, kunyumba kwa mlongo wanga kunafika anyamata a ndale. Ankafuna chithunzi chake kuti achiike pa Facebook ndi pa WhatsApp, alembepo kuti ndi msilikali wa ufulu. Analonjeza thandizo, ndipo sindikukayika kuti ena mwa iwo anali ndi mtima wabwino. Mlongo wanga anawayankha kuti, "Mwana wanga anapita kukagulitsa mbatata." Loya uja atamva anapuma mozama, chifukwa chithunzi chimenecho chikanakhala umboni woyamba wa boma.

Anyamata aja ankatchula Nelson Mandela, koma nkhani ya Mandela ankaidziwa theka. Pa mlandu wa Rivonia ku South Africa, mu 1963 ndi 1964, oimbidwa mlandu anakhala pansi ndi maloya awo, a Bram Fischer, George Bizos, Arthur Chaskalson ndi anzawo, n'kugwirizana kuti zimene anachitadi sazikana, koma asandutsa khoti kukhala bwalo loimbirapo mlandu boma la tsankho. Anali atadziwa kuti chingwe chingawapeze. Mandela analankhula pa 20 Epulo 1964 ataima m'bokosi la woimbidwa mlandu, kumene loya wa boma Percy Yutar sakanatha kumupanikiza ndi mafunso, pomwe Walter Sisulu analowa m'bokosi la mboni kukalimbana naye. Ngakhale pa mawu otchuka aja onena kuti ali wokonzeka kufa, Bizos anamunyengerera kuti aonjezepo timawu toti ngati kungafunike kutero, kuopa kuti woweruza Quartus de Wet angamve ngati akumuputa. Pa 12 Juni anawapatsa ukaidi wa moyo wonse, osati imfa. Onsewo anali akuluakulu amene anasankha okha, atayeza zonse. Mphwanga sanasankhe kalikonse. Kumusandutsa mbendera ali m'chitokosi, osamufunsa, n'kumugulitsa kachiwiri.

Zinachitikanso kwa anyamata asanu ndi anayi akuda a ku Scottsboro, ku Alabama, amene mu 1931 ananamiziridwa kuti anagwirira akazi awiri achizungu. Mabungwe awiri anakanganirana kuti awaimire ndani, ndipo maina awo anamveka dziko lonse. Phokosolo linathandiza kuti asaiwalike, sindikana. Koma chimene chinawachotsa pakamwa pa imfa ndi mfundo ziwiri zouma: mu 1932 khoti lalikulu linati sanapatsidwe loya weniweni, mu 1935 linati anthu akuda anasalidwa pa gulu la nzika zothandiza kuweruza. Ng'oma ya kunja ndi pepala la mkati zimafunika zonse, koma woimba ng'oma aziyamba wafunsa wogwira pepala.

Inu oimira boma pa milandu, sindikunena kuti onse amene anagwidwa anali ogulitsa mbatata. Masitolo anathyoledwa, maofesi anatenthedwa, ndipo mayi amene benchi lake logulitsirapo pamsika linapsa nayenso ndi nzika yofuna chilungamo. Amene anachita zimenezo muwazenge, koma mmodzimmodzi, aliyense ndi mboni zake. Kukokolola anthu ngati matemba n'kuwalembera pepala limodzi kumangochititsa manyazi boma. Boma la South Africa linamanga anthu 156 mu 1956 pa mlandu woukira dziko, linavutika nawo zaka zoposa zinayi, ndipo mu Malichi 1961 panalibe ngakhale mmodzi wopezeka wolakwa. Ifenso tili ndi chilonda chathu: ku Montepuez mu Novembala 2000, anthu oposa 80 ogwidwa pambuyo pa zionetsero anafa ndi kubanika m'chipinda chimodzi.

Ndiye pali mbali inayo, imene anthu amangonong'onezana. M'miyezi imeneyo anthu mazana anafa m'dziko muno, ambiri ndi zipolopolo. Milandu ya oponya miyala ikuyenda. Nanga ya owombera ili pati? Ndikudziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma kumbukirani Mido Macia, mwana wathu wa ku Mozambique, dalaivala wa minibasi ku Daveyton. Pa 26 Febuluwale 2013 apolisi a ku South Africa anamumangirira kumbuyo kwa galimoto n'kumukhwekhwereza mumsewu, ndipo anafera m'chitokosi. Apolisiwo anali akuda ngati iye. Munthu wamba anajambula pa foni, oimira boma anaugwira umboniwo, ndipo mu 2015 apolisi asanu ndi atatu anapezeka olakwa pa mlandu wakupha n'kulandira zaka 15 aliyense. Tonse tinaombera m'manja khoti la eni ake chifukwa choteteza mlendo. Kodi mwana wathu afunika akafere ku Joni kuti imfa yake ifike pamaso pa woweruza? Mafoni a anthu kuno adzaza ndi zithunzi. Tsegulani khomo loti azipereke popanda kuopa kuti wojambulayo ndiye agone m'chitokosi.

Inu oweruza, mantha anu ndikuwamvetsa ndipo sindikuwapeputsa. Gilles Cistac, katswiri wa malamulo aakulu, anawomberedwa ku Maputo pa 3 Malichi 2015. Asanaphedwe ankatukwanidwa pa intaneti chifukwa cha khungu lake loyera ndi kubadwira ku France, ngati kuti mfundo ya malamulo imayankhidwa ndi khungu. Tsankho limenelonso ndi tsankho, ndipo amene timadana ndi indigenato tisamalisekerere likaloza kwina. Elvino Dias, loya wa Venâncio Mondlane, amene ankapikisana nawo pa upulezidenti, ndi chipani chotsutsa cha Podemos, anaphedwa pamodzi ndi Paulo Guambe wa chipanicho mu Okutobala 2024, chisankho chitangochitika kumene. Loya akaphedwa chifukwa cha amene akumuimira, maloya ena onse amayamba kusankha milandu, ndipo oyamba kusiyidwa ndi anthu ngati mphwanga. Komabe chaka chomwe Cistac anaphedwa, khoti lina ku Maputo linamasula Carlos Nuno Castel-Branco ndi mtolankhani Fernando Mbanze, amene ankazengedwa chifukwa cha kalata yodzudzula Pulezidenti Guebuza imene inayambira pa Facebook. Woweruza wake anali munthu wa thupi ndi magazi ngati inu, ndipo mawa lake dzuwa linatuluka.

Ife a m'malire timamvera wailesi za ku Malawi. Mlandu wa chisankho chawo cha 2019, uja wa Tipp-Ex, tinautsatira tili m'minda, chifukwa unkaulutsidwa ndipo unkamasuliridwa m'Chichewa. Agogo osadziwa kulemba ankakangana pamowa za mapepala a zotsatira ndi mafunso a maloya. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu aja atafafaniza chisankhocho, anthu anali atamva umboni ndi makutu awo. Dziko lomwelo mu 1983 linazenga Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera m'khoti la mafumu, osaloledwa loya, n'kuwagamula kuti aphedwe; Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ngati anzathu anachoka kumeneko n'kufika kuno, ife chingatilepheretse n'chiyani kulemba ntchito omasulira olumbira a Chichewa, Chinyungwe ndi Chisena m'khoti lililonse la boma? Aphunzitsi opuma tilipo ambiri, tikungoweta nkhuku.

Chimodzi ndisaiwale: lembani maina. Kufupi ndi mzinda wa Tete, pa 16 Disembala 1972, asilikali a Apwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo. Boma la Lisboa linakana mpaka kunena kuti mudzi wotere kulibe. Chimene chinaligonjetsa ndi mndandanda wa maina umene ansembe, mmodzi mwa iwo bambo Domingos Ferrão, analemba pofunsa opulumuka, ndipo bambo Adrian Hastings anautulutsa m'nyuzipepala ya The Times ku London mu Julayi 1973. Panapita zaka 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ivomere ili ku Maputo mu 2022 kuti zimenezo n'zosakhululukika. Makolo anati mlandu suola, koma suola ngati wina anaulemba. Bukhu la pa polisi lizisonyeza ola lenileni limene munthu walowa, chilankhulo chimene amalankhula, ndi dzina la womasulira. Loya wa IPAJ azitha kuliona tsiku lomwelo.

Za ndalama ndinene mwachidule, poti ndi za ife eni mipingo ndi mizikiti kuposa inu. Milandu ya ku South Africa ija inayenda chifukwa cha thumba limene wansembe John Collins anayambitsa ku London, lolipira maloya ndi kudyetsa mabanja a omangidwa, ndipo litaletsedwa mu 1966 linapitiriza mobisa. Ife masiku 11 aja anatidyera mbuzi ziwiri: shapa, chakudya chokapereka kuchitokosi, kujambulitsa mapepala. Ena amene ndinawaona mmenemo analibe wowabweretsera ngakhale phala.

Mphwanga wabwerera kumunda, koma kutauni kuja sakufunanso kupondako. Akamva galimoto yaima pamsewu amalowa m'nyumba. Pepala lokhala ndi chala chake lija ndinalijambulitsa, ndalisunga m'jumbo pansi pa matilesi. Tsiku la mlandu likadzakwana ndidzabwera naye, nditavala jekete langa lakale la kusukulu, ndipo ndidzakhala pabenchi la kumbuyo. Mukadzamufunsa funso loyamba m'Chipwitikizi, ndamulangiza kuti asadzayankhe "sim". Adzanena m'Chichewa kuti sanamve, ndipo adzadikira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito, Angónia